ANAKWAWIRA M'MOTO KUKAOMBOLA MNZACE

Akulu akale anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Mwambi umenewu timauchula kawirikawiri pa maliro ndi pa milandu, koma ndi owerengeka okha amene anaucita monga momwe mau ace anenera. Mmodzi wa iwo anali mnyamata wa ku Canada, dzina lace Andrew Mynarski, amene anafa pa 13 June 1944 ali ndi zaka 27, atapsa m'ndeke yoponya mabomba poyesa kumasula mnzace.

Dziko la Canada liri kutali ndi Chipata, kutsidya la nyanja yaikulu ya Atlantic. Koma nkhondo imene inadya mnyamatayu ndi yomweyo imene inatenga anyamata a m'midzi ya kwa Mpezeni, kwa Undi ndi kwa mafumu ena a cigawo ca Kummawa, ndi kukawasiya ku Somaliland, ku Ethiopia ndi ku Burma. Mbiri ya Mynarski ikali kumveka kufikira lero. Tiyeni tione cimene cinaisunga, pakuti m'menemo muli phunziro la ife eni.

Mwana wa anthu obwera

Andrew Charles Mynarski anabadwa pa 14 October 1916 mu mzinda wa Winnipeg, m'cigawo ca Manitoba. Kumeneko ndi ku zigwa za tirigu, ndipo nyengo yozizira ikafika mitsinje imauma gwa, anthu namayenda pamwamba pace. Makolo ace anali ocokera ku Poland, anthu amene anaoloka nyanja kukafuna moyo, monga momwe amuna a kuno anali kupitira ku Halale ndi ku Joni. Atate ace anamwalira iye ali ndi zaka 16, ndipo pamenepo mnyamatayo analowa nchito yodula zikopa kuti athandize amai ace ndi abale ace. Amene anamdziwa anati anali munthu wofatsa, wa mau ocepa, ndi waluso pa nchito za manja.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inabuka mu September 1939, ndipo Canada inalowa ku mbali ya Angerezi. Mu 1941 Mynarski analembetsa m'gulu la nkhondo la m'mlengalenga la dziko lace, naphunzira kuomba mfuti ya ciwaya ya m'ndeke. Pofika 1943 anali ku England, ndipo mu April 1944 anatumizidwa ku gulu la nambala 419, limene linali pa bwalo la ndeke la Middleton St George, kumpoto kwa dzikolo.

Anthu asanu ndi awiri m'ndeke imodzi

Kuti timvetse cimene cinacitika, tiyenera kuyamba tadziwa mamangidwe a ndeke yochedwa Lancaster. Inali ndi mainjini anai, awiri ku phiko liri lonse, ndipo inali kunyamula anthu asanu ndi awiri: woyendetsa, makaniko woyang'anira mainjini, wolondola njira, woponya mabomba, wa wailesi, ndi oomba mfuti awiri. Mmodzi wa oombawo anali kukhala pamsana pa ndeke, ndiwo malo a Mynarski. Wina anali kukhala kumcira kwenikweni, m'kacipinda ka magalasi kocepa ngati cisa ca nkhuku, ndipo iye ndiye anali maso a kumbuyo a anzace onse.

Kacipinda ka kumcirako kanali kuzungulira ndi mphamvu ya mafuta oyenda m'mipope. Citseko cace cinali kumbuyo kwa munthu wokhalamo, kotero kuti potuluka anayenera kuyamba wakatembenuza kuti kalunjike bwino. Mipope ikaduka kacipindako kali copendeka, munthuyo anali ngati mbewa m'diwa. Kuonjezera apo, parachute, imene ndi nsaru yaikulu yonga ambulera yotsikira nayo pansi, oomba ambiri a kumcira anali kuisiya kunja kwa kacipindako cifukwa ca kucepa kwa malo.

Ndekezi zinali kuuluka usiku, mu mphepo yozizira koopsa, kupyola pakati pa mizinga ya pansi ndi ndeke za Ajeremani zosaka usiku. Lamulo linali lakuti gulu liri lonse likwanitse maulendo 30 lisanapumule, koma ambiri sanafikepo. Mwa anthu pafupifupi 125,000 amene anauluka m'ndeke za mabomba za gulu la Angerezi lochedwa Bomber Command, anafa ndi 55,573. Ndiko kunena kuti mudzi ukadatumiza anyamata 100, okwanira 44 sakadabweranso. Mwa akufawo, pafupifupi 10,000 anali a ku Canada, ndipo ambiri anali a zaka zongopitirira 20.

M'moyo wotere, anthu a ndeke imodzi anali kusanduka ngati ana a mimba imodzi. Mynarski anagwirizana kwambiri ndi woomba wa kumcira, Pat Brophy. Brophy anali ofisala, pamene Mynarski anali wa udindo wocepa, ndipo cifukwa ca malamulo a usilikali anali kugona nyumba zosiyana. Posiyana usiku, Mynarski anali ndi cizolowezi coima njo ndi kupereka sawacha kwa mnzaceyo mwa nthabwala, namtsazika ngati bwana wamkulu. Nthabwala imeneyi tidzakumana nayonso kutsogoloku.

Usiku wa ku Cambrai

Pa 6 June 1944 magulu a nkhondo a Angerezi, Amerika ndi Canada anakoceza pa gombe la Normandy kukalanda dziko la France m'manja mwa Hitler. Kuti Ajeremani alephere kubweretsa asilikali ena ndi zida, ndeke zinatumidwa kukaphwanya njanji. Cotero usiku wa pa 12 June gulu la Mynarski linanyamuka kupita ku mzinda wa Cambrai, kumpoto kwa France, kumene njanji zambiri zinali kukumana. Woyendetsa anali Art de Breyne, ndipo ndeke yao, nambala KB726, inali yopangidwa ku Canada komweko. Unali ulendo wao wa nambala 13.

Pakati pa usiku patangopitirira, asanafike poponya mabomba, ndeke ya Ajeremani ya mtundu wa Junkers 88 inawazembera ca kunsi niwaomba. Mainjini onse awiri a kumanzere anazima. Mipope ya mafuta inaphulika, ndipo moto unabuka pakati pa malo a Mynarski ndi mcira. De Breyne ataona kuti ndeke siingapulumuke, analamula onse kuti alumphe. Amene anali kutsogolo anatulukira pa kabowo ka kutsogoloko, ndipo woyendetsayo, pokhulupirira kuti a kumbuyo atuluka kale, analumpha nayenso.

Mynarski anatsika pa malo ace nafika pa citseko ca kumbuyo. Panatsala phazi limodzi lokha kuti apulumuke. Koma poceuka, anaona kupyolera m'malawi kuti Brophy akali m'kacipinda kace, akulimbana ndi citseko. Kacipindako kanali katauma kali copendeka.

Mnyamatayo anasiya citseko, nagwada, nakwawira m'mafuta oyaka kulunjika kumcira. Pofika kumeneko zobvala zace ndi parachute yace zinali zitagwira moto. Anatenga nkhwangwa ya m'ndeke nayamba kutema, koma citsulo cinangosuntha pang'ono. Anayesa ndi manja ace, osaphula kanthu. Brophy, poona kuti mnzace alikupsa ndipo ndeke irikutsika, anamkodola ndi kumkalipira kuti acoke adzipulumutse. Potsiriza Mynarski anabwerera cafutambuyo m'moto womwewo, maso ace ali pa mnzace. Atafika pa citseko anaimirira, zobvala zace ziri lawilawi, napereka sawacha ija, ndipo analumpha.

Anthu a m'midzi ya ku France anamuona akutsika ngati muuni. Anampeza akali moyo, koma mabala a moto anali akulu, ndipo anamwalira posacedwa. Manda ace ali m'mudzi wa Méharicourt, m'dziko lomwelo la France.

Mboni inapulumuka

Apa ndi pamene nkhani idabwitsa. Ndeke ija inakagwa m'munda pafupi ndi mudzi wa Gaudiempré, mabomba akali m'kati. Pogunda pansi, kacipinda ka kumcira kanathyoka ndi kutseguka, ndipo Brophy anaponyedwa kunja wamoyo. Afalansa olimbana ndi Hitler mobisa anamsunga, ndipo mu September 1944 anabwerera ku England. Mwa anthu asanu ndi awiri a m'ndeke ija, anafa ndi Mynarski yekha, munthu amene akadapulumuka mosabvuta akadangosamala za moyo wace.

Tsono taganizani. Anzace asanu anali atalumpha kale, ndipo sanaone kanthu. Munthu mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi ndiye anadziwa cimene cinacitika kumcira kwa ndeke ija. Brophy akadafa, monga momwe zinayenera kukhalira, Mynarski akadangokhala dzina limodzi mwa maina 55,573, ndipo ngakhale amai ace sakadadziwa kuti mwana wao anafa imfa yotani.

Koma Brophy sanakhale cete. Anasimba zimene anaona, de Breyne anazitengera kwa akuluakulu, ndipo zinalembedwa. Pa 11 October 1946 kunalengezedwa kuti Mfumu George VI yapatsa malemu Mynarski mendulo ya Victoria Cross, imene iposa mamendulo onse a kulimba mtima m'maiko a Commonwealth. Kucokera pamenepo dzina lace linayamba kuyenda. Ku Winnipeg kuli sukulu yochedwa ndi dzina lace. Ku Hamilton, m'cigawo ca Ontario, anthu anakonzanso Lancaster yakale naipaka zizindikiro za KB726. Inaulukanso mu 1988, ndipo iri imodzi mwa ziwiri zokha za mtundu umenewu zimene zikali kuuluka. Mu 2005 pa bwalo lija la Middleton St George anaimikapo cifanizo cace ca mkuwa, dzanja liri pamphumi.

Tisaiwale mbali ina ya nkhani. Mabomba amene ndekezi zinali kuponya anapha anthu wamba ambirimbiri, akazi ndi ana omwe. Mu mzinda wa Hamburg mu July 1943 munafa anthu pafupifupi 40,000, ndipo mu Dresden mu February 1945 pafupifupi 25,000. Cifukwa ca zimenezi, nkhondo itatha akuluakulu a ku Britain anacita manyazi kuchula za Bomber Command, ndipo cikumbutso ca anyamatawo mu London cinatsegulidwa mocedwa, mu June 2012, patapita zaka 67. Cimene anthu akumbukira pa Mynarski ndi nchito ya cifundo imene anacita pakati pa nchito ya kupha. Ndiponso tiona kuti ngakhale kwa Azungu cikumbutso sicinadze cokha: anacilimbikira ndi anzao otsala ndi acibale.

Nanga athu?

Ali yense wa ku Chipata adziwa kampu ya asilikali ya Gondar Barracks, koma ndi angati mwa ana a sukulu amene angafotokoze tanthauzo la dzinalo? Gondar ndi mzinda wa m'mapiri a ku Ethiopia, kumene gulu lotsiriza la Ataliyana, pansi pa Kazembe Nasi, linagonja pa 27 November 1941 pamaso pa magulu amene ambiri mwa asilikali ace anali anthu akuda. Makampu enanso a dziko lino asenza maina otere: Tug Argan ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, ndi Arakan ku Lusaka. Liri lonse ndi dzina la malo kumene mwazi wa asilikali a mu Africa unakhetsedwa.

M'masiku amenewo dziko lino linali Northern Rhodesia, ndipo Chipata anali Fort Jameson. Gulu la Northern Rhodesia Regiment linakula kufikira mabataliyoni asanu ndi atatu, ndipo anthu akuda a dziko lino amene anabvala yunifomu anali pafupifupi 15,000. Boma linali kulemba anthu kupyolera mwa mafumu, ndipo Angoni, Acewa, Ansenga, Atumbuka ndi Akunda anapita pamodzi ndi a zigawo zina.

Pa Tug Argan, ku Somaliland, kuyambira pa 11 kufikira pa 15 August 1940, bataliyoni yoyamba inagwira timapiri touma polimbana ndi Ataliyana amene anali ocuruka kopambana. Mu 1942 ena anaoloka nyanja kupita ku cisumbu ca Madagascar. Mu 1944, caka comwe Mynarski anafa, anyamata athu anali m'cigwa ca Kabaw ku Burma, m'mvula yosakata, m'matope ndi malungo, akukankha Ajapani kulinga ku mtsinje wa Chindwin. Enanso a kuno anali m'migodi ya Nkana, Mufulira, Luanshya ndi Nchanga, kukumba mkuwa umene Britain anali kugula wonse cifukwa ca zipolopolo ndi mawaya a zida zace.

Kodi m'cigwa ca Kabaw munalibe mnyamata amene anabwerera m'mvula ya zipolopolo kukasenza mnzace wolasidwa? Okalamba amene anabwerako anali kusimba zotere pa mphala madzulo, ana ndi adzukulu namvetsera. Mboni tinali nazo. Cimene cinasowa ndi munthu wogwira colembera. Nkhani ya Brophy inalowa m'mabuku a boma pasanathe zaka zitatu, pamene nkhani za agogo athu zinatsala m'kamwa, ndipo m'kamwa mukatsekeka, nkhani imalowa nao m'manda.

Boma la atsamunda nalonso silinawawerengere mofanana. Nkhondo itatha, msilikali wamba wacizungu wa m'magulu a kuno anali kulandira masheleni 10 pa mwezi uli wonse umene anatumikira, monga ndalama ya ciyamiko, pamene wakuda wa udindo womwewo analandira masheleni 3 ndi theka. Bungwe losamala manda a asilikali, la Commonwealth War Graves Commission, linabvomera lokha mu April 2021 kuti pa nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918 anthu osacepera 116,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina ao. Ku Mbala kuli mwala wokumbutsa amtengatenga 1,467 a dziko lino amene anafa pa nkhondo imeneyo: ciwerengero ciripo, maina palibe.

Pa nkhondo yaciwiri zinthu zinasinthako. Maina a asilikali ambiri akuda analembedwa pa miyala, monga pa manda a Taukkyan pafupi ndi mzinda wa Yangon, umene kale unali Rangoon, kumene zipilala zisenza maina pafupifupi 27,000 a anthu amene manda ao sadziwika. Koma dzina lolembedwa ku Burma, mudzi wace wosalidziwa, lifanana ndi mbeu yosungidwa m'nkhokwe ya mlendo.

Nchito imene yatsalira ife

Nthawi yatha. Mnyamata amene anali ndi zaka 18 pamene nkhondo inatha mu 1945 anabadwa mu 1927, ndipo a msinkhu umenewo atsala owerengeka. Koma ana ao ndi adzukulu ao alipo, ndipo ambiri akali kukumbukira zimene anamva. M'masutukesi ndi m'mabokosi a m'nyumba zambiri za ku Chipata, Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi mukhoza kupezeka mendulo ya Africa Star kapena Burma Star, cithunzi cofwifwa, kapena kabuku ka msilikali kokhala ndi nambala yace. Zimenezi zisatayidwe, ndipo zisagulitsidwe kwa anthu opita m'njira.

Nchito yace siifuna ndalama zambiri. Nyakwawa ali yense angathe kuitana akulu a mudzi wace tsiku limodzi, mphunzitsi kapena mwana wa sekondale nakhala pambali ndi kope. Pa munthu ali yense amene anapita ku nkhondo alembe dzina lace, dzina la atate ace, ciwongo cace, mudzi ndi mfumu, caka cimene anapita, dziko limene anafikako, ndiponso ngati anabwera kapena anatsala komweko. Alembenso nkhani imene anali kusimba, monga momwe acibale aikumbukira, osaonjezera mcere. Kope limodzi likhale kwa amfumu, lina ku sukulu kapena ku chalichi, pakuti ciswe ndi moto sizicenjeza.

Amene ali ndi nambala ya msilikali ali ndi mwai woposa. Bungwe la manda lija linaika maina a akufa pa intaneti, ndipo kufufuza kwace nkwaulere. Mdzukulu amene ali ndi foni angathe kupeza kumene dzina la agogo ace linalembedwa. Pofufuza ayese kalembedwe kosiyanasiyana, cifukwa makalaliki a usilikali kawirikawiri anali kupotoza maina athu, ndipo ena anali kulemba dzina la atate m'malo mwa ciwongo. Ku Lusaka kulinso nyumba yosunga makalata akale a boma, ya National Archives of Zambia, kumene ofufuza mbiri amapita.

Ife a Kummawa kukumbukira makolo timakudziwa. Caka ndi caka timasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala ndi ku Mkaika pa Kulamba, ndipo maina a mafumu akale amachulidwa popanda kuphonya. Anyamata amene anakwera malole pa Fort Jameson osabweranso ayenera malo ao m'cikumbukiro cimeneco. Mwezi wa November uli wonse akuluakulu amaika nkhata za maluwa pa mwala wa cikumbutso mu Lusaka, ndipo lipenga limalira. Cingakhale cokoma ngati pa tsiku lomwelo, pa sukulu ya m'mudzi, mwana mmodzi aimirira ndi kope m'manja nawerenga maina a anthu a m'mudzi momwemo.

Pat Brophy anamwalira mu 1991, atasimba nkhani ya mnzace kwa zaka zoposa 40. Sanathe kumbwezera moyo, koma anambwezera dzina. Owerenga athu amene muli ndi mendulo m'bokosi, kapena nkhani ya ku Burma imene munaimva kwa atate anu, inu ndinu mboni zimene zatsala. Itanani mwana wodziwa kulemba sabata yomwe ino.